Momwe mungasinthire ma pickup a gitala yamagetsi osawononga mawu ake

Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikagwedezeka pamwamba pake, mu wayamo mumabadwa timagetsi tochepa tomwe amplifaya imakuza. Pa single coil (pickup ya koyilo imodzi ya waya) ya gitala ya Fender Stratocaster, kapena kuti Strat, wayayu amazungulira pafupifupi ka 8,000. Akazungulira kuposa apo mphamvu imakwera, koma mawu akuthwa a pamwamba amachepa. Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Amagula pickup yamphamvu kwambiri poganiza kuti ndiyo yabwino, pomwe lead ya sungura kapena ya bandi ya kutchalitchi imafuna mawu oyera, nsambo iliyonse izimveka payokha.

Musanagule chilichonse, yambani mwasewera ndi kutalika kwa pickup yomwe ilipo kale. Dinani nsambo pa fret yomaliza (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), muyeze mpata pakati pa nsamboyo ndi maginito. Pa single coil yambirani pa 2.4 mm ku nsambo yaikulu ndi 2 mm ku yaing'ono, pa humbucker (pickup ya makoyilo awiri) 1.6 mm. Magitala ambiri omwe eni ake amati alibe mawu amachira pompano.

Kusankha pickup

Single coil ili ndi mawu owala, koma imatola kulira kwa magetsi a m'nyumba, omwe kuno kwathu ndi a 50 Hz, makamaka pafupi ndi mababu a chubu kapena pa soketi yopanda earth. Humbucker, yomwe Seth Lover adapangira kampani ya Gibson ndipo idayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ili ndi makoyilo awiri otsutsana omwe amafafanizirana kulirako. Mawu ake ndi onenepa. P-90 ili pakati pa ziwirizi: koyilo ndi imodzi koma yotambalala, mawu ake okalipa pang'ono.

Multimeter, mita yoyezera zamagetsi, imakupatsani chithunzi cha mphamvu ya pickup poyeza ma ohm a koyilo yake (k ndi ma ohm 1,000). Single coil ya Strat imawerenga pafupifupi 6k, humbucker yachikale 7k mpaka 8.5k, pomwe Seymour Duncan JB imafika cha m'ma 16k. Mtundu wa maginito nawo uli ndi mbali yake pa kamvekedwe ka mawu: Alnico II ndi ofewa, Alnico V ndi akuthwa, ceramic ndi olimba ndipo amakondedwa ndi oimba rock. Yezaninso dzenje la m'thupi la gitala, chifukwa pa magitala ena humbucker yathunthu silowa pamalo pa single coil popanda kusema thabwa. Pa gitala ya bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala) ya mtundu wa Fender nsambo zimatalikirana, choncho humbucker ya ku bridge ikhale ya mpata wa pafupifupi 53 mm kuchokera pa nsambo yoyamba kufika pa yomaliza, osati 50 mm.

Chomwe ambiri amaiwala ndi ma pot, tija ta volume ndi tone. Single coil imayenda ndi 250k ndi capacitor ya 0.047 µF, humbucker ndi 500k ndi 0.022 µF. Humbucker pa 250k imamveka ngati mwaphimba sipika ndi bulangete, pomwe single coil pa 500k imabaya m'makutu. Ma pickup a batire monga EMG ndi nkhani ina: amafuna ma pot a 25k, batire ya 9V ndi jack ya stereo.

Ntchito yeniyeni

Mufunika chowotcherera cha 40W, solda ya 60/40 yokhala ndi rosin m'kati, screwdriver, chodulira mawaya, tepi ndi multimeter. Wokonza mawailesi aliyense ali nazo ngati inu mulibe.

1. Zulani chingwe cha ku amplifaya, muchotse nsambo. Pa Strat masulani pickguard yonse (chivundikiro chakutsogolo chomwe chimanyamula ma pickup), pa Les Paul tsegulani chivundikiro chakumbuyo. Yalani nsalu pa penti, solda yotentha ikadontha imasiya chipsera.

2. Jambulani mawaya onse ndi foni musanakhudze kalikonse.

3. Yezani pickup yatsopano isanalowe. Mita ikapanda kuwerenga kanthu, waya wa m'kati ndi woduka, ibwezeni komwe mwagula.

4. Sungunulani mawaya awiri a pickup yakale, wamoyo womwe umapita ku switch kapena ku volume, ndi wa earth womwe uli pamsana pa pot. Osadula, osakoka, dikirani solda isungunuke.

5. Mangani yatsopano ndi masipuling'i ake. Ya ku khosi ndi ya ku bridge zisasinthane malo, chifukwa ya ku bridge amaikulunga yamphamvu pang'ono poti nsambo zimagwedezeka mochepa kumeneko.

6. Apa chenjerani ndi mitundu ya mawaya, poti kampani iliyonse ili ndi yake. Pa humbucker ya mawaya anayi ya Seymour Duncan, wakuda ndiye wamoyo, wobiriwira ndi wopanda chikopa amapita ku earth, wofiira ndi woyera mumawalumikiza pamodzi n'kuwakulunga tepi. Pa DiMarzio wamoyo ndi wofiira, wobiriwira ndi wopanda chikopa ku earth, wakuda ndi woyera pamodzi. Pakani solda ku nsonga ya waya ndi pa malo olumikizapo musanaziphatikize. Msana wa pot upaleni pang'ono ndi sandpaper kuti solda igwire msanga, chifukwa mukachedwetsa chowotcherera pamenepo pot imapsa m'kati n'kuyamba kukhwekhwereza poizunguza. Polumikiza pabwino pamanyezimira, pakakhala potuwa ndi pachibulunga sipanagwire.

7. Musanabwezere nsambo, lumikizani ku amplifaya motsitsa volume, mugogode maginito ndi screwdriver pa malo aliwonse a switch. Pickup yosankhidwayo ndi yokhayo yoyenera kuyankha mwamphamvu.

Zikavuta

Pickup iliyonse ikamamveka bwino payokha koma mukaphatikiza ziwiri mawu n'kuwonda ngati akutulukira m'mphuno, ndiye kuti zikutsutsana. Izi zimachitika kawirikawiri mukasakaniza makampani. Pa humbucker ya mawaya anayi sinthanitsani wamoyo ndi wobiriwira uja wa ku earth, koma wopanda chikopa akhalebe pa pot.

Phokoso lomwe silichepa mukagwira nsambo likusonyeza kuti waya wa earth wopita ku bridge wachoka. Pa Strat umawotcheredwa pa kachitsulo kogwira masipuling'i kumbuyo kwa gitala. Likamakula mukagwira nsambo, yang'anani pa jack, mawaya asinthana. Gitala ikangoti zii, kawirikawiri kawaya kamoyo kakukhudza chitsulo cha earth, makamaka pomwe pickguard yapanikiza mawaya potseka.

Nsambo yaikulu ikamamveka ngati mawu awiri akulimbana pa ma fret a pamwamba, ndipo tuner (kachipangizo kochunira nsambo) ikukana kukhazikika, single coil ya ku khosi yayandikira kwambiri ndipo maginito akukoka nsambo. Itsitseni theka la kuzungulira kwa screw, muyimbe, mutsitsenso mpaka kulimbanako kuthe. Kenako linganizani zonse mwa kumvera, kuti posintha switch volume isadumphe.