Musataye ndalama pa makapisozi a CLA, gulani mkaka wabwino

Inu amene mukugula makapisozi a CLA kuti mimba iphwe, taimani kaye. CLA ndi mtundu wa mafuta opezeka mu mkaka ndi nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Wa m'mabotolo uja amapangidwa ku fakitale kuchokera ku mafuta a mpendadzuwa kapena mbewu ina yamafuta yotchedwa safflower, ndipo pafupifupi theka lake ndi mtundu wa CLA wotchedwa t10,c12, umene mu mkaka ndi wochepa zedi. Mtundu umenewu unapezeka kuti umasokoneza ntchito ya insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, mwa amuna onenepa kwambiri, choncho odwala shuga autalikire. Ngakhale mutamwa magalamu 3 patsiku, thupi limatsika pang'ono chabe, ena mpaka kutsegula m'mimba.

Kuno ku Mzuzu alimi a mkaka ali pafupi. Pogula, funsani kuti ng'ombe zikudya chiyani. Zodya udzu wobiriwira ndi nsenjere zimatulutsa mkaka wa CLA wambiri kuposa zokhalira madeya, chifukwa tizilombo ta m'chifu mwa ng'ombe timagwiritsa ntchito mafuta a mu udzu popanga CLA.

Wiritsani mkakawo mpaka ufufume kuti muphe tizilombo ta TB ya ng'ombe ndi brucellosis, matenda a ziweto amene amagwiranso anthu. CLA sathawa ndi moto wotere. Koma musayengule mafuta oyandama pamwamba aja, CLA amakhala momwemo. Atakasireni mu phala kapena mu tiyi. Chambiko cha mkaka wowiritsa chilinso nawo.

Kapu imodzi kapena awiri patsiku akukwana. Odwala mtima asapyole apo, poti mkaka ulinso ndi mafuta okweza kolesitero.