Njinga yamoto ya maulendo atali ikamagwedera pa liwiro lalikulu: kupeza vuto ndi kulikonza

Malangizo awa ndi a eni njinga zamoto za mtundu wa sport touring, zija zolemera zokhala ndi galasi lochinga mphepo ndi mabokosi a katundu m'mbali, monga Yamaha FJR1300, Honda VFR800, Kawasaki 1400GTR ndi BMW R1250RT. Manambala omwe ali pano akasiyana ndi a m'buku la njinga yanu, tsatirani a m'buku.

Kugwedera kuli mitundu iwiri

Musanagwire sipanala, dziwani mtundu wa kugwedera komwe njinga yanu ikucita, cifukwa mankhwala a mtundu umodzi atha kukulitsa winawo. Mu 1971 katswiri wa ku Britain, Robin Sharp, anaonetsa ndi masamu kuti njinga yamoto imatekeseka m'njira zosiyanasiyana, ndipo ziwiri mwa izo ndizo zimavutitsa oyenda maulendo atali.

Yoyamba m'mabuku imachedwa wobble. Wilo la kutsogolo, mafoloko ndi mahandulo zimanjenjemera kumanja ndi kumanzere mofulumira, ka 6 mpaka ka 10 pa sekondi imodzi, pomwe thupi la njinga silisuntha kwenikweni. Mumakumva m'manja. Kawirikawiri kumayamba pocepetsa liwiro pakati pa 60 ndi 80 km/h, kapena wilo la kutsogolo likagunda bampu muli kuonjezera moto. Kukakula, mahandulo amamenya mbali zonse mpaka kukucotsani manja.

Yaciwiri ndi weave. Apa njinga yonse imapindika cammbuyo ngati mcira wa nsomba, mocedwerapo, ka 2 mpaka ka 4 pa sekondi. Mumakumva pampando ndi m'ciuno. Kumabwera pa liwiro lalikulu, makamaka kupitirira 120 km/h, pokhota pang'ono kapena podutsana ndi cigalimoto cacikulu, ndipo kumakula liwiro likamakwera. Pa njinga zonyamula katundu, zambiri zomwe eni ake amadandaula nazo zimakhala za mtundu waciwiriwu. Si nkhani yocepa: mu 2007 magulu angapo a apolisi ku Britain anaimitsa Honda ST1300 pa nchito, bwalo lofufuza za imfa litapeza kuti weave ndiyo inagwetsa wapolisi wina pa liwiro lalikulu. Njinga za apolisi zimanyamula zida zambiri kumbuyo kuposa za anthu wamba.

CENJEZO: Kugwedera kukayamba muli pamsewu, musakoke buleki ya kutsogolo ndipo musalimbane ndi mahandulo. Palibe munthu angabweze cinthu conjenjemera ka 8 pa sekondi. Mikono youma imangopereka kugwederako ku njinga yonse. Panani thanki ndi mawondo, fewetsani zigongono, weramirani kutsogolo, ndipo cepetsani moto pang'onopang'ono, osati kutseka kamodzi n'kamodzi. Njinga ikakhazikika, imani pamalo abwino. Upangiri wakuti muonjezere moto kuti mudutse kugwederako musaumvere pa weave. Mungofika pa liwiro lomwe kugwa kwake n'koopsa koposa.

Matayala

Yambirani pano nthawi zonse. Pimani mpweya matayala ali ozizira, ndiye kuti njinga yaima maola atatu kapena kuposa. Njinga zambiri za mtundu uwu zimafuna 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 bar kumbuyo, komwe ndi 36 psi ndi 42 psi. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala si yoti mutsatire. Khalani ndi geji yanuyanu, cifukwa mageji ogwiritsidwa nchito ndi aliyense amagwa pansi kambiri ndipo amanama.

Mukatero yendetsani cikhatho pa tayala la kutsogolo, kupita kutsogolo kenako kubwerera. Mukamva timapiri ndi timaenje m'mphepete mwa mizere, tayalalo ladyeka mosalingana, ndipo ndilo limayambitsa kunjenjemera kwa 60 mpaka 80 km/h kuja. Silikonzeka, ngakhale mizere ikuoneka yakuya. La kumbuyo liyang'aneni muli cakumbuyo kwa njinga. Maulendo atali a msewu woongoka amadya pakati pokha, tayala n'kukhala laphwatalala lokhala ndi ngodya ziwiri. Mukapendeka pang'ono njinga imakwera pa ngodyayo n'kutsikanso, weave n'kuyambira pomwepo.

Kutsogolo ndi kumbuyo kukhale matayala a kampani imodzi ndi mtundu umodzi. Osasakaniza radial ndi bias-ply, yomwe ndi mitundu iwiri ya kapangidwe ka tayala, pokhapokha buku litalola. Makampani ena amapanga tayala lomwelo la mtundu wolimbirapo, lolembedwa GT, la njinga zolemera. Ngati buku likufuna limenelo, musaike lopepuka. Onaninso manambala anayi omalizira pa cizindikiro ca DOT ca m'mbali mwa tayala, omwe amasonyeza nthawi yomwe linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata la 23 la caka ca 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu liziyang'aniridwa caka ciliconse, ngakhale silinayende kwambiri.

Ngati vuto linayamba mutangosintha tayala, onani kamzere kozungulira pafupi ndi rimu ngati kali pa mtunda wofanana ponseponse, onani muvi wosonyeza komwe tayala lizungulire, ndipo wilo alipimenso balansi.

Katundu

Buku limati musapitirire kulemera kololedwa. Koma pomwe katunduyo wakhala ndi pofunikanso kwambiri. Bokosi la pamwamba kumbuyo limakhala m'mwamba komanso kuseri kwa ekiselo ya kumbuyo, conco kilogalamu iliyonse yoikidwamo imapepuza wilo la kutsogolo. Ambiri mwa mabokosiwa amaloledwa makilogalamu 5 mpaka 10 cabe, ndipo malire ake amalembedwa mkati mwa civindikiro. Zolemera monga masipanala ndi madzi ziikeni pansi m'mabokosi a m'mbali, mbali zonse zilingane, kapena m'cikwama ca pa thanki. Makampani ena amaletsa kupitirira 130 km/h mutanyamula katundu.

Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo sikufuna cida ciliconse. Cotsani mabokosi onse atatu, yendani msewu womwewo. Kugwedera kukatha, bwezerani limodzi limodzi. Citaninso cimodzimodzi ndi galasi lalitali loikidwa pambuyo pogula njinga. Ngakhale jekete yaikulu youluka ndi mphepo imakoka mapewa, mapewa n'kukoka mahandulo. Ambiri sakhulupirira zimenezi mpaka atavala ina.

Mabeyaring'i a khosi la njinga

Khosi ndi paja mafoloko amalumikizana ndi fulemu. Imikani njinga pa sitandi ya pakati, wina atsamire kumbuyo kapena ikani jeke pansi pa injini kuti wilo la kutsogolo licoke pansi. Tembenuzani mahandulo pang'onopang'ono kucoka mbali ina kufika ina. Aziyenda mosalala. Akamakakamira pakati penipeni, ngati agwera m'kadzenje, mabeyaring'i adyeka ndipo asinthidwe pamodzi ndi mbale zake. Kenako gwirani mafoloko cakumunsi, kokerani kwa inu ndi kukankha. Kugogoda kulikonse ndi cizindikiro cakuti akhwefuka.

Apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Beyaring'i yokhwefuka imabweretsa wobble, conco munthu amamanga nati mwamphamvu, kunjenjemera n'kutha. Koma khosi louma limalepheretsa wilo kudziongola lokha, ndipo njinga imayamba kudzandira ngakhale pa liwiro locepa. Mangani ndi torque wrench, sipanala yopima mphamvu yomangira, motsatira buku. Mabuku ena amafuna kumanga kawiri: koyamba mwamphamvu kuti mabeyaring'i akhale m'malo, kenako kumasula ndi kumanganso mopepuka. Musalumphe gawo laciwirilo.

Njinga ikadali m'mwamba, gwirani wilo lililonse pamwamba ndi pansi, ligwedezeni m'mbali. Citani comweco ndi swingarm, mkono wogwira wilo la kumbuyo. Pasamveke kusewera kulikonse. Pa njinga za shafti, kusewera kwa wilo la kumbuyo kutha kucokera m'bokosi la magiya a kumbuyo, ndipo imeneyo ndi nchito ya makanika. Zunguzani wilo muone rimu. Mabuku ambiri salola kupindika kopitirira 2 mm.

Mashoko ndi mafoloko

Shoko ya kumbuyo imatha mwakacetecete, mwini n'kuzolowera osadziwa. Kankhirani mpando pansi mwamphamvu n'kusiya. Njinga ikwere kamodzi n'kuima. Ikadumphadumpha, onjezerani rebound, komwe ndi kucedwetsa kubwerera kwa shoko. Mukafika kumapeto kwa sikuluwu yosinthira rebound popanda kusintha, kapena mukaona oilo pa ndodo yake, shokoyo yatha.

Pimaninso kuti kumbuyo kumatsika bwanji mukakwera. Wilo la kumbuyo lili m'mwamba, pimani kucoka pa ekiselo kufika pa malo amodzi pansi pa mpando. Tsitsani njinga, kwerani mutavala zonse, katundu ndi wokwera naye ali pomwepo, wina apimenso. Kusiyana kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse wa wilo la kumbuyo pokwera ndi kutsika, komwe pa njinga zambiri ndi 35 mpaka 45 mm. Kukaposa apo, panikizani sipuling'i poonjezera preload. Njinga zambiri za mtundu uwu zili ndi kacigubu kotembenuza ndi dzanja pambali, koma eni ambiri sanakagwirepo cigulire njinga, ulendo wa munthu mmodzi ndi wa anthu awiri n'kumayenda pa muyeso umodzi.

Kutsogolo, onani ngati masilo a mafoloko akudontha oilo komanso ngati mafoloko onse awiri atulukira mofanana pamwamba. Ngati wina anawakweza kuti njinga itsike, mtunda wa trail, womwe umapangitsa wilo kubwerera pakati lokha ndipo pa njinga izi umakhala pafupi ndi 100 mm, unacepa. Abwezereni pa muyeso wa fakitale.

Pa njinga za cheni zokhala ndi swingarm ya mikono iwiri, monga Kawasaki Ninja 1000SX, timizere ta pa ekiselo musatikhulupirire kwambiri. Kokani cingwe mbali zonse za tayala la kumbuyo kufika kutsogolo, ndipo mipata ya pa tayala la kutsogolo ilingane.

Kuyesa mukakonza

Sinthani cinthu cimodzi, yesani, lembani. Kwezani liwiro pang'onopang'ono pa msewu wouma wopanda magalimoto ambiri, manja onse ali pa mahandulo, osapitirira malire a lamulo. Liwiro loposa apo liyesedwe pa bwalo la mpikisano.

Steering damper, kacida kocepetsa kunjenjemera kwa mahandulo, ibwere pomalizira. Imathandiza pa wobble yobwera ndi mabampu, ndiye cifukwa cake Honda anaika yoyendera magetsi pa CBR1000RR ya 2004, yofewa pa liwiro locepa ndi youma pa lalikulu. Koma damper wamba womangidwa kwambiri atha kukulitsa weave, ndipo amabisa beyaring'i yodyeka yomwe ikupitiriza kudyeka. Ngati zonsezi zili bwino koma njinga ikugwederabe, makamaka ngati inagwapo kapena munaigula kwa wina, fulemu, mafoloko ndi ekiselo zikapimidwe kwa makanika wokhala ndi zida zopimira kuongoka, ndipo musaithamangitse mpaka zitapimidwa.