Kufika pagombe ndi pa jeti osawononga boti

Kwa anthu a ku Lilongwe amene mumapita kukayendetsa boti la injini ku Senga Bay, malo oopsa kwambiri si pakati pa madzi ayi. Ndi pofika pagombe ndi pa jeti (kamlatho kokochezapo maboti), pamene mtima uli kale kumtunda.

Yambani ndi kufunsa asodzi za madzi. Nyanja ya Malawi imadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, kenaka n'kuphwera pafupifupi mita imodzi pofika Novembala kapena Disembala. Pamene munadutsa bwinobwino pa Pasaka mukhoza kugundapo mwala pa Khirisimasi. Ikadzaza kwambiri, monga mu 2024, makoma, masitepe ndi zitsa za m'mbali mwa nyanja zimamira osaoneka. Mitsinje ngati Linthipe nayonso imatuta mchenga n'kuuunjika malo atsopano chaka ndi chaka. Madzi akayamba kuyererako kapena kuoneka achikasu, ndiye kuti mwafika posaya. Dzuwa likakhala kumaso simungaone zimenezi, choncho ikani munthu kutsogolo ndi mtengo wautali woyezera kuya.

Boti lilibe mabuleki. Yandikirani jeti pa liwiro la munthu woyenda pansi, molunjika kumene mphepo ikuchokera kuti ikuthandizeni kuima. Lowani chopendekera, madigiri 30 mpaka 45, mukuika giya pang'ono n'kuichotsa. Matayala akale kapena zotchingira zipachikidwe m'mbali musanafike, zingwe zikhale m'manja. Aliyense akhale pansi, ndipo pasapezeke woika dzanja kapena mwendo pakati pa boti ndi jeti. Mukaona kuti sizikuyenda, bwererani mukayambirenso.

Nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pagombe pamavuta. Funde likamenya kumbuyo, boti limatembenukira cham'mbali, lotsatiralo n'kulidzaza madzi ndi kuliponya pamchenga. Ponyani nangula mafunde asanayambe kusweka, kutsogolo kwa boti kuyang'ane kunyanja, ndipo muzimasula chingwe pang'onopang'ono mukubwerera cham'mbuyo, injini mutaitukula kuichotsa m'madzi. Chingwe chitalike kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa kuya kwa madzi: pa mamita 3 pafunika mamita 15 kapena kuposerapo. Chikafupika, nangula amangokhukhuluzika pansi.

Nanga boti likatsakamira? Chotsani giya, zimitsani injini, muitukule. Ambiri amathamangira rivesi ndi moto wonse, ndipo apa ndi pamene amaphera injini. Pulopela imavundula mchenga, mchengawo umalowa m'timabowo tokokera madzi oziziritsa, n'kudya kampira ka pampu yokoka madziwo. Injini imatentha patapita mphindi zochepa chabe.

Onani kaye ngati wina wavulala, onse avale majekete oyandamitsa, kenaka suzumirani pansi ngati mukulowa madzi. Ngati boti labooka pamwala, musalikokere kwakuya. Lisiyeni pomwepo, tsekani bowo ndi nsanza kapena khushoni, muzikapa madzi mukuitana thandizo.

Ngati silinabooke, musadikire kuti madzi akwera monga achitira ku nyanja yamchere. Kuno sakwera pa maola. Pepuzani boti: akuluakulu atsike ngati madzi akulekeza m'mawondo ndipo pansi mpolimba, katundu asunthidwire mbali ya kwakuya. Kankhani mobwerera njira imene munadzera. Likakana, nyamulani nangula mukamuponye kwakuya, onse akoke chingwe nthawi imene funde likulinyamula. Boti lina likabwera kudzakoka, mangani pa ngowe ya kutsogolo kapena za kumbuyo zimene zinapangidwira kukokera, ndipo pasakhale munthu moyang'anizana ndi chingwe, chifukwa chikaduka chimakwapula koopsa.

Mukayandama, musanyamuke msanga. Yang'anani pulopela ngati yapindika kapena yakola ukonde. Tsitsirani injini m'madzi n'kuiliza, muone ngati timadzi toziziritsa tikutuluka mwamphamvu pa kabowo ka kumbuyo kwake. Tikamangodontha, zimitsani, tokosani kabowoko ndi kawaya kofewa. Tikapanda kubwerera, kapena injini ikamanjenjemera mukaika giya, palasani ndi nkhafi mpaka kumtunda, makaniko akatsegule pampu.