Kuteteza chimanga ku ng'amba ndi kutentha

Musathamangire mvula yoyamba. Dzalani ikagwa yokwana mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu. Yochepera apo imameretsa mbewu kenako n'kuisiya ikufota.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene chimanga chikumasula ngayaye. Kutentha kukapitirira madigiri 35, mungu umafa. Ng'amba nayo imachedwetsa ndevu: zimatuluka mungu utatha kale, ndiye chitsononkho chimangokhala ndi njere zapatalipatali. Choncho kumene mvula yayamba kudukiza, dzalani mbewu yocha msanga mbali ina ya munda, kuti chimanga chonse chisamasule nthawi imodzi. Phimbiraninso nthaka ndi mapesi kuti chinyontho chikhalitse.

Mvula ikachuluka imatsuka m'nthaka nayitrojeni, chakudya cha mbewu chomwe chimapezeka mu feteleza. Feteleza wobereketsa mugawe pawiri, ndipo musamuthire pouma.