Momwe mungazindikirire nsomba zobwera pa nyali za pansi pa madzi m'madoko a ku Florida

Aliyense amene anaonapo nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa nyanja ya Malawi usiku wopanda mwezi amadziwa kuti kuwala kumakoka nsomba. Siginala akayatsa nyali pa bwato lake, usipa umasonkhana, ndipo ncheni nayo siikhala patali. Ku Florida, m'dziko la America, eni nyumba za m'mphepete mwa nyanja yamchere amamiza nyali zobiriwira pansi pa timadoko tawo, tomwe ndi timilatho ta matabwa tolowa m'madzi, ndipo zimene zimachitika n'zofanana: kuwala kumasonkhanitsa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilomboto timakoka tinsomba, kenaka nsomba zikuluzikulu zimafika kudzadya. Kuti munthu adziwe nsomba imene akuiona, ayenera kutsata ndondomeko iyi.

Choyamba, sankhani bwino nthawi. Pitani mdima utagwira, pamene madzi a m'nyanja akudzaza kapena akuphwera, chifukwa madzi oyenda ndi amene amabweretsa chakudya pa nyali. Mukafika, yendani monyang'ama, pakuti kugunda kwa nsapato pa matabwa kumamveka m'madzi, ndipo imani poti chithunzithunzi chanu chisagwere pa kuwalako. Musawalitse tochi. Dikirani mphindi zingapo kuti maso azolowere.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, musayambe ndi mtundu wa khungu la nsomba. Nyali yobiriwira imasintha maonekedwe a chilichonse, moti nsomba yofiirira ndi yotuwa zimaoneka ngati za mtundu umodzi. Yambani ndi malo amene nsombayo yaima. Pamwamba penipeni pa madzi mudzaona nsomba yowonda ngati kamtengo, ya kamwa lalitali losongoka lodzaza mano. Imeneyo ndi needlefish. Pakati pa kuwala pamazungulira tinsomba tambirimbiri, ndipo yoonda yonyezimira imene ikudutsa pakati pawo mwa liwiro, ya mchira wa mphanda, kawirikawiri imakhala ladyfish. Koma nsomba zimene anthu amadzera sizikonda kuonekera, zimabisala m'malire mwa kuwala ndi mdima.

M'malire amenewo ndi momwe mumakhala snook. Mudzaziona zitandandalika phee, mitu yonse italoza kumene madzi akuchokera, zikudikira kuti chakudya chidzipereke chokha. Chizindikiro chake chosasokonekera ndi mzere wakuda umene umayambira kumbuyo kwa mutu mpaka kukalowa mumchira, ndipo mzerewu umaoneka ngakhale pa nyali yobiriwira. Mutu wake ndi wotsetsereka, chibwano cham'munsi n'chotalikirapo kuposa cham'mwamba, ndipo ikamameza kansomba pamwamba pa madzi imamveka kuti phwa! Ine ndimaona kuti munthu akaidziwa snook, zina zonse zimaphweka, chifukwa amakhala ndi poyerekezera. Nsombayi imaopa kuzizira kwambiri, moti chisanu cha mu Januwale 2010 chinapha zambiri ku Florida, n'chifukwa chake m'miyezi yozizira mukhoza kupeza pa nyali palibe ngakhale imodzi.

Chachitatu, yang'anani msana ndi mchira. Spotted seatrout ili ndi madontho akuda ambiri pamsana, pachipsepse chapamwamba ndi pamchira, pamene redfish kawirikawiri imakhala ndi dontho limodzi lalikulu pafupi ndi mchira ndipo imayenda chapansi, mutu utaweramira kumatope. Anthu ambiri amasokoneza tarpon yaing'ono ndi ladyfish, popeza zonse n'zonyezimira, komatu kusiyana kwake n'koonekeratu. Tarpon ndi yojintcha, mamba ake ndi aakulu, kamwa lake limayang'ana m'mwamba, ndipo kumapeto kwa chipsepse chapamsana kuli kachingwe kakatali. Ilinso ndi khalidwe lachilendo lakuti nthawi ndi nthawi imatumphukira pamwamba kudzameza mpweya, n'kubwereranso pansi itasiya thovu.

Mukatero, tembenukirani ku mizati ya doko. Nsomba ya mizere yakuda yotsika kuchokera pamsana, imene ikungoseteka mzati osalabadira tinsomba, ndi sheepshead. Mano ake amafanana ndi a munthu ndipo imaswera nawo tizigoba tomera pamzatipo. Timagulu ta nsomba zotuwa, zina zokhala ndi mzere wakuda wodutsa padiso, zimene zimatulukira pang'ono n'kubwereranso mumthunzi, ndi mangrove snapper.

Ngati mukukayikabe, jambulani kavidiyo kakafupi pa foni m'malo mwa chithunzi, popeza kasambiridwe ka nsomba kamaulula zambiri kuposa chithunzi chosaoneka bwino cha usiku.

Kuzindikira nsomba kumeneku n'kofunika kwambiri kwa amene akufuna kuponya mbedza, chifukwa malamulo a kumeneko amasiyana pa nsomba iliyonse. Bungwe la Florida Fish and Wildlife Conservation Commission limafuna kuti wofuna kutenga snook akhale ndi chilolezo chapadera kuwonjezera pa chiphaso cha usodzi, limatseka usodzi wake miyezi ina, ndipo limaika muyezo wa kutalika kwa nsomba yololedwa, choncho werengani malamulo a dera lanu musananyamuke. Madoko ambiri okhala ndi nyalizi ndi a eni ake, motero pemphani kaye musanakwerepo. Snook mukaigwira, samalani ndi chivundikiro cha m'mbali mwa mutu wake, chimacheka ngati lumo. Tarpon ndiye siyodya konse: kuyambira mu 2013 lamulo limati ibwezeredwe m'madzi, ndipo yopitirira mainchesi 40, omwe ndi pafupifupi mita imodzi, muikolole mbedza ili m'madzi momwemo osaikweza pa doko.