Momwe mungalembetsere mwana pasukulu yapulayiveti popanda kudzalira m'tsogolo

Ofesi yolembetsa ana pasukulu yapulayiveti imagwira ntchito ziwiri pakamodzi: imasankha ana, komanso imagulitsa malo. Makolo ambiri amangoona ntchito yoyambayo. Amalowa mu ofesimo mwamantha, mtima uli pakuti mwana asakanidwe, ndipo chilichonse chimene auzidwa amangoti "chabwino, zikomo kwambiri". Koma mukamvetsera madandaulo a makolo amene anadutsamo kale, si ambiri amene amadandaula za kukanidwa. Ambiri amadandaula za zimene analonjezedwa pakamwa koma sizinalembedwe paliponse, kapena zimene zinalembedwa bwinobwino koma iwo anasayina osawerenga.

Yambani ndi kalendala

Musanagule fomu, funsani masiku atatu: tsiku lomaliza kulandira mafomu, tsiku la mayeso olowera, ndi tsiku limene adzakuyankheni. Sukulu zimene anthu amazilimbirana zimatseka zolembetsa kutatsala miyezi yambiri kuti chaka chiyambe, zina chaka chathunthu.

Funsaninso kuti mwana wa zaka za wanuyo amamuika kalasi iti. Sukulu zotsata dongosolo la ku England zimayamba chaka mu Seputembala ndipo zimaona zaka za mwana pofika pa 31 Ogasiti. Ku South Africa chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale. Mwana wochoka ku kalendala ina kupita ku inzake amayenera kubwereza miyezi ingapo kapena kuidumpha, ndipo ndi bwino nkhaniyi muikambirane ndi mphunzitsi wamkulu. Mlembi wapawindo sangaigamule.

Tsimikizani zimene zalembedwa pachikwangwani

Choyamba ndi chiphaso cha boma chololeza sukuluyo kugwira ntchito. Pemphani kuchiona. Sukulu yolongosoka imachipachika pakhoma ndipo siidabwa ndi funsolo.

Kenako onani mayina akuluakulu amene sukulu imadzitcha. Ngati ikuti imaphunzitsa silabasi ya Cambridge, bungwe la mayeso la ku England, funsani ngati ili malo ovomerezeka olemberapo mayeso, ndipo akupatseni nambala yake. Kuphunzitsa ndi mabuku a Cambridge n'kosiyana ndi kuloledwa kulembetsa mayeso ake a kusekondale otchedwa IGCSE. Sukulu ikakhala yosaloledwa, ana amakalembera kwina ngati ongodzilembetsa okha, kawirikawiri kudzera ku British Council, ndipo makolo ena amazimva zimenezi mwana ali kale m'chaka cha mayeso. Tsamba la Cambridge la pa intaneti lili ndi pofufuzira sukulu zovomerezeka.

N'chimodzimodzi ndi International Baccalaureate (IB), bungwe la maphunziro limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1968. Sukulu yovomerezedwa ndi bungweli ndi yokhayo imene imatchedwa IB World School, ndipo chilolezocho chimaperekedwa pa pulogalamu iliyonse payokha. Sukulu itha kuloledwa kuphunzitsa ya ana aang'ono koma osaloledwa ya Diploma, imene ndi ya achinyamata a zaka 16 mpaka 19. Akakuuzani kuti "tili mkati mopempha chilolezo", tanthauzo lake n'lakuti chilolezocho alibe.

Dzina la Montessori, imene ndi njira ina yophunzitsira ana, ndiye losavuta kulilemba pageti. Maria Montessori anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, koma dzinali lero lilibe mwini wolilondera: ku America linagamulidwa mu 1967 kuti aliyense atha kuligwiritsa ntchito. Choncho funsani kumene aphunzitsi ake anaphunzira njirayo, ndipo suzumirani m'kalasi muone ngati zipangizo zake zilimo.

Mapepala

Pafupifupi kulikonse adzafuna chiphaso cha kubadwa, malipoti a materemu apitawa, kalata yochokera kusukulu yakale, zithunzi, ndi zolemba za katemera kapena za kuchipatala. Perekani makope, enieniwo muziwaonetsa n'kubwerera nawo. Chimene chimachedwetsa anthu ndi kalata ya kusukulu yakale, chifukwa sukulu zambiri siziitulutsa ngati pali ngongole ya fizi. Sukulu yatsopano nayo imatha kuimba foni mwakachetechete kufunsa za khalidwe la mwana ndi kalipiridwe kanu. Konzani zakumbuyo musanagogode kutsogolo.

Kaoneni sukulu tsiku wamba

Tsiku lapadera loonetsa sukulu kwa makolo lili ndi phindu lake, koma patsikuli udzu umakhala wotchetchedwa, ana olankhula nanu amakhala osankhidwa. Pemphani kubweranso tsiku la pakati pa sabata, maphunziro ali mkati. Lowani m'chimbudzi cha ana, osati cha alendo. Pemphani kope la mwana mmodzi la masamu ndipo muone tsiku limene mphunzitsi anachonga komaliza. Imani pang'ono nthawi yopuma, mumve mmene akuluakulu akuyankhulira ndi ana pamene sakudziwa kuti wina akumvetsera.

Mafunso anu akhale ofuna nambala. Mukafunsa kuti "makalasi anu ndi aang'ono?" yankho ndi inde nthawi zonse. Funsani kuti m'kalasi imene mwana wanu akalowe muli ana angati lero, ndipo malire ake ndi angati. Funsani kuti mwa aphunzitsi amene analipo chaka chatha, atsala ndi angati. Sukulu imene aphunzitsi amasintha teremu ndi teremu ili ndi vuto limene penti sangabise.

Pa zotsatira za mayeso m'pamene pamafunika maso. Chikwangwani chonena kuti onse anakhoza sichikuuzani kuti analemba ndi angati. Funso labwino ndi ili: "Kalasi imeneyi itayamba zaka ziwiri zapitazo inali ndi ana angati, ndipo amene analembetsedwa mayeso ndi angati?" Pali sukulu zimene zimabweza ana ofooka, kapena kulangiza makolo awo kuti akayese kwina, n'cholinga choti mbiri ya sukulu isadetsedwe. Mwana wanu akadzavutika ndi phunziro lina, mufuna kudziwa ngati adzamuthandize kapena adzamukankhire kunja. Funsaninso kuti "kukhoza" akutanthauza chiyani. Pa IGCSE magiredi amayambira pa A* mpaka G, koma makoleji ambiri amayang'ana C kupita m'mwamba. Pa IB Diploma mapointi onse ndi 45, ndipo dipulomayo imayambira pa 24.

Mayeso olowera ndi kucheza ndi mwana

Funsani kuti mayesowo ndi a mtundu wanji, atenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi apapepala kapena apakompyuta. Sukulu zina zimalembetsa Chingelezi ndi masamu basi. Zina zimagwiritsa ntchito mayeso oyeza kaganizidwe monga CAT4, amene ali ndi zigawo zinayi: kuganiza ndi mawu, ndi manambala, ndi zithunzi, komanso ndi maonekedwe a zinthu. Oterewa saloweza pamtima. Chothandiza n'chakuti mwana aoneko mtundu wa mafunsowo kuti asadzidzimuke, agone mokwanira, ndipo afike msanga.

Musamuphunzitse mayankho oti akalakatule. Anthu a mu ofesiyi amacheza ndi ana ambirimbiri, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akayamba kunena kuti akufuna sukuluyi "chifukwa cha masomphenya ake", amadziwa kuti mawuwo ndi a bambo ake. Mwana akafunsidwa, inu khalani chete, ngakhale atachedwa kuyankha.

Ngati mwana ali ndi vuto la kumva, kuona, kuwerenga, khunyu, mphumu kapena lina lililonse, nenani. Ndikudziwa kuti makolo amabisa poopa kukanidwa, ndipo mantha amenewo ali ndi chifukwa. Koma mafomu ambiri ali ndi chiganizo chopatsa sukulu mphamvu yochotsa mwana ngati kholo linabisa zinthu zotere. Kuposa apo, sukulu imene ingakane mwana chifukwa cha vutolo ndi yomweyo imene ikanalephera kumusamala. Akati ali ndi mphunzitsi wothandiza ana otere, funsani kuti amakumana ndi mwana kangati pasabata, ndiponso ngati thandizolo lili mkati mwa fizi kapena limalipiridwa padera.

Ndalama: apa khalani pansi

Walira mvula walira matope. Fizi ya pateremu imene yalembedwa pakapepala kokongola kaja ndi chiyambi chabe. Pemphani mndandanda wa zolipira zonse za chaka, wolembedwa, wokhala ndi chidindo kapena wotumizidwa pa imelo ya sukulu. Muufufuze ngati muli izi: ndalama ya fomu, ndalama yolowera imene imalipiridwa kamodzi, chikole, ndalama ya chitukuko, mabuku, yunifolomu ndi zovala zamasewera, basi, chakudya, maulendo, ndi ndalama za mayeso a kumapeto. Mayeso ngati a Cambridge amalipiridwa phunziro lililonse palokha, ndipo kawirikawiri sakhala mkati mwa fizi.

Pa ndalama iliyonse funsani funso limodzi: imabwezedwa kapena ayi? Ya fomu nthawi zambiri sibwezedwa, ngakhale mwana akanidwe. Chikole chimayenera kubwerera mwana akamachoka, koma pamakhala mfundo zake, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amapsera.

Mfundo yake yaikulu ndi ya chidziwitso cha teremu yathunthu. Mapangano a sukulu zambiri amati kholo lofuna kuchotsa mwana lilembe kalata teremu imodzi yathunthu isanafike nthawi yochokayo, apo ayi lilipire fizi ya teremu yotsatira ngakhale mwana sakhalapo. Tiyerekeze sukulu ya materemu atatu imene chaka chake chimayamba mu Seputembala. Mukafuna kuti mwana asabwerere mu Seputembala, kalata yanu iyenera kufika teremu yachitatu isanayambe, cha mu Epulo. Kholo limene lasamutsidwa kuntchito mu Julayi limapita kukatsanzika mwaulemu, n'kupatsidwa invoisi ya teremu yonse, chikole chija n'kumezedwa momwemo. Kuuza mphunzitsi wa kalasi pakamwa sikuwerengedwa. Pezani chiganizo chimenechi mu mgwirizano, muchiwerenge kawiri, ndipo mufunse ngati pali kuchotserako pa nkhani za kusamuka, matenda kapena maliro.

Funsaninso mmene fizi yakhala ikukwerera zaka zitatu zapitazi, ndi ngati mgwirizano ukuloleza sukulu kukweza chaka chili mkati. Ngati fizi imawerengedwa mu ndalama yakunja, dziwani kuti amasinthira pa mtengo wa tsiku liti. Ndipo musawerengere teremu yoyamba yokha. Makalasi apamwamba amadula kuposa apansi, choncho onani fizi ya kalasi yomaliza n'kudzifunsa ngati mudzafikeko. Kuchotsa mwana pakati pa silabasi ya zaka ziwiri, kupita naye kosiyana mabuku ndi mayeso, kumamupweteka kuposa kumuyambitsa pasukulu yotsikirapo imene mungaikwanitse mpaka kumapeto.

Tsono pali mawu aja amene makolo ambiri anawamvapo: "Mayi, malo atsala awiri okha. Mukapanda kulipira lero, mawa sitikulonjezani." Nthawi zina zimakhala zoona. Yankho lake ndi lofatsa: "Zikomo, ndipatseni kalata yondipatsa malo ndi mgwirizano, ndikawerenge kunyumba, ndibwera mawa." Sukulu yabwino imapereka kalata yotchula tsiku lomaliza kuvomera. Imene ikufuna ndalama mgwirizano musanauone yakuuzani kale mmene idzachitire nanu pa nkhani zina.

Polipira, lipirani ku akaunti ya dzina la sukulu, osati ku nambala ya foni ya munthu, ndipo tengani lisiti yotchula dzina la mwana ndi chimene mwalipirira. Wina akakunong'onezani kuti atha "kukuonerani malo" mukamuganizira, musiyeni. Malo otero sakhala ndi kalata, ndipo tsiku limene munthuyo adzachotsedwe ntchito mudzatsala nokha.

Akakuikani pamndandanda wodikira, kapena akakana

Funsani ngati mndandandawo uli ndi manambala, ndipo mwana wanu ndi wachingati. Sukulu zambiri zimayamba zapereka malo kwa abale a ana amene ali kale pasukulupo ndi ana a ogwira ntchito, kotero mwana wanu atha kubwerera m'mbuyo pamndandandawo m'malo mosendera kutsogolo. Kuimba kamodzi pakapita milungu ingapo n'kokwanira. Kuimba tsiku ndi tsiku kumangotopetsa mlembi amene mukufuna kuti akukumbukireni bwino.

Vuto lenileni limabwera sukulu yachiwiri ikakupatsani malo, yoyamba ikadali chete. Lembani kwa yoyambayo, muiuze tsiku limene mukuyenera kuyankha kwinako, ndipo mupemphe kuti akuuzeni zoona za mwayi wanu. Musanalipire chikole kwachiwiriko, dziwani kuti mutaya zingati mukadzasintha maganizo.

Akakana, muli ndi ufulu wofunsa chifukwa, ngakhale si sukulu zonse zimene zimayankha. Funsani ngati mwana angayesenso chaka chamawa. Kwa mwanayo, muuzeni mwachidule kuti malo anali ochepa, ndipo musamakambe nkhaniyi ndi alendo iye ali pomwepo.

Ngati mukufuna thandizo la fizi, funsani pamene mukutenga fomu, chifukwa nthawi yake yofunsira imatha msanga. Lilipo la mitundu iwiri: lina limaperekedwa poona kapezedwe ka banja ndipo amafuna umboni wa malipiro anu, lina limaperekedwa poona luso la mwana m'kalasi, m'masewera kapena m'nyimbo. Funsani ngati ndi la chaka chimodzi kapena la zaka zonse, ndi zimene zingachititse kuti lichotsedwe.

Mukatuluka mu ofesi

Tsiku lomwelo, lembani imelo yaifupi kwa amene munacheza naye: "Zikomo chifukwa chondilandira lero. Monga tinakambirana, mwana alowa kalasi yakuti, basi ili mkati mwa fizi, ndipo chikole chidzabwezedwa akamachoka. Ngati ndalakwitsa pena, chonde ndikonzeni." Akayankha, sungani yankholo pamodzi ndi kope la mgwirizano umene mwasayina, mndandanda wa fizi wa chaka chimenecho ndi malisiti onse. Ogwira ntchito mu ofesi amasintha, ndipo amene adzakhalepo zaka zitatu zikubwerazi sadzadziwa zimene mnzake anakulonjezani. Ngati yankho silibwera pakatha sabata, pitani ndi imeloyo yosindikizidwa, mupemphe basala (woyang'anira ndalama za sukulu) kapena mphunzitsi wamkulu asayinepo musanalipire gawo lotsatira.