Oilo wa injini asatsikire m'madzi: malangizo kwa osamalira madoko ku Mangochi

Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, womwe umayambira konkuno ku Mangochi n'kudutsa m'nyanja ya Malombe. Madzi otuluka pakhomo limeneli ndi ochepa. Ochuluka amachita kuuma ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo akamauma satenga zonyansa zomwe zinali m'katimo. Choncho chomwe mwataya padoko lero chikhala nafe kwa nthawi yaitali kwambiri. Ndikulankhula ndi inu eni maboti, alovi, amayi ogula nsomba, mamembala a makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi (BVC) ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja.

Kumadoko akuluakulu a nyanja yamchere, monga Nacala, Beira ndi Dar es Salaam komwe kumadzera mafuta ndi feteleza wathu, nkhaniyi anaiikira pangano la mayiko lotchedwa MARPOL, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1978. Mutu wake ndi wosavuta: sitima isataye oilo ndi zinyalala m'madzi, koma nalonso doko likhale ndi malo olandirira zonyansazo kumtunda. Mbali yachiwiriyi ndiyo imaiwalika. N'kosathandiza kuletsa munthu kutaya chinthu m'madzi usanamuonetse kokataya. Doko la Monkey Bay, kwawo kwa Ilala yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, lili ndi eni ake oliyang'anira. Koma maboti a injini ochuluka sakocheza kumeneko. Amakocheza pamchenga ku Msaka, ku Malembo, ku Chembe, ku Makanjira ndi ku Malindi, komwe woyang'anira doko ndi inu nomwe.

Imani padoko m'mawa maboti a chilimira atangobwera, nyanja ili bata, muyang'ane madzi ofika m'mawondo kumbuyo kwa boti. Muona kautawaleza kakuyandama, kakutambasuka pang'onopang'ono kulowera komwe amayi akutsukira usipa m'mabeseni. Ameneyo ndi petulo ndi oilo. Wina wadontha pothira mafuta kuchokera m'chigubu kupita m'thanki boti lili pamadzi, wina watuluka pamene mnyamata amakapa madzi a m'boti omwe anasakanikirana ndi mafuta, ndipo wina, woipitsitsa, ndi oilo wakuda yemwe makaniko wakhetsera pamchenga posintha. Oilo wochepa chabe amakuta malo aakulu chifukwa samira msanga, amangoyala pamwamba. Amatchinga mpweya wolowa m'madzi, amamatirira m'makha a tinsomba, ndipo usipa wotsukidwa m'madzi otere umafika ku Limbe ukununkha mafuta. Wogula sabwera kudzadandaula, amangosintha doko.

Madzi osaya amenewa ndi omwenso chambo chimadalira. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenako chimakawasiya m'madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu, momwe ana a chambowo, otchedwa kasawala, amakulira asanalowere kwakuya. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loona zosamalira zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Akuluakulu a ku Malombe safuna kuuzidwa zimenezi, anadzionera okha chambo chikuzimiririka m'zaka za m'ma 1990 n'kutsala kambuzi. Chachikulu chinali makoka a maso ang'onoang'ono, inde, koma kuwononga malo okulira ana a nsomba kunathandizira.

Tsono chitani izi. Thanki ya injini ya boti imanyamulika, ndiye itulutseni mukathirire mafuta kumtunda, ndipo kusakaniza petulo ndi oilo kuzichitikira komweko. Ngati mulibe chothirira, dulani botolo la pulasitiki pakati, mbali yakukamwa ikuthandizani kuti asatayike. Posintha oilo, injini ichoke paboti, ikolekedwe pamtengo wopingasa pamalo amodzi omwe doko lonse lagwirizana, ndipo pansi pake patcherezedwe beseni lakale lomwe silidzagwiranso ntchito ya nsomba. Oilo wa m'besenilo athiridwe mu diramu yokhala ndi chivundikiro. Diramuyo ikhale pasimenti, pansi pa denga, kutali ndi mjigo, komanso kumtunda kwenikweni. Mukukumbukira momwe nyanja inakwerera mu 2024, madzi mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Diramu yoikidwa poyerekeza ndi pomwe madzi ali mu Okutobala idzayandama mu Epulo.

Mafuta akatayikira m'boti, musathamangire kukapa. Thirani utuchi kapena mchenga wouma, kapena pukutani ndi sanza, mukatero nyamulani zonsezo mukaziike m'chitini chapadera kumtunda. Ena amathira sopo wa ufa pamadzi kuti kautawaleza kaja kachoke. Kamachokadi m'maso, koma oiloyo sanapite kulikonse. Sopo wangomuswa n'kumutsitsira pansi pomwe pali tinsomba. Bola kumusiya pamwamba n'kumuyamwitsa ndi sanza. Diramu ikadzadza musaikhuthulire m'chimbudzi kapena m'dzenje, chifukwa oilo amayenda m'mchenga mpaka kukafika kumadzi akumwa. Komiti ikaonane ndi mlangizi wa zausodzi kapena ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo kuti akuuzeni kokamupereka.

Mabatire a magetsi oyitanira usipa usiku nawonso ndi nkhani. Nyali za parafini zapita ndipo palibe akuzilira, koma batire yakutha ili ndi mtovu ndi asidi. Musaiswe padoko, musaisiye ana aziseweretsa. Ogula zitsulo zakale amaifuna. Zidutswa za maukonde ziziunjikidwa kumtunda, pakuti ukonde wotayidwa m'madzi umapitiriza kukola nsomba zomwe palibe adzadye. Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, boma linawaletsa kuyambira mu 2015, ngakhale m'misika akuonekabe.

Za bango ndilankhule mosabisa, poti apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi anthu ambiri. Doko loyera, lopanda ngakhale phesi limodzi, ambiri amaliona ngati doko losamalika. Eni malo ogona alendo amafuna mchenga wokhawokha, okoka khoka amati bango limang'amba maukonde, ndipo amayi amaopa ng'ona. Mantha a ng'ona ndi oona, sindingawapeputse. Koma kuyeretsa gombe lonse si yankho. Mizu ya bango imagwira dothi mwera ukamawomba mu Juni ndi Julaye, imasefa matope obwera ndi madzi a mvula kuchokera m'minda, ndipo ndi mobisala kasawala. Pomwe bango linazulidwa, mafunde amadya gombe chaka ndi chaka mpaka mitengo ya thandala imayamba kugwera m'madzi. Gwirizanani malo amodzi otseguka okochezera maboti, ena otungira madzi ndi kuchapira, ndipo mbali zonse ziwiri musiye bango liime. Ofuna lomangira mipanda ndi mphasa azidula lokhwima pamwamba, osazula, osatentha. Namasupuni ndiye wosiyana: ndi mlendo wochokera ku South America, amatseka madzi, ndipo mukamuona muvuuleni akaume kumtunda.

Chimbudzi padoko chisachite kudikira bungwe. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Likodzo nalo limayenda ndi mkodzo wa munthu kudzera m'nkhono za m'madzi osaya. Dothi lamchenga limagumuka, ndiye dzenje limangidwe ndi njerwa kuyambira pansi, ndipo likhale kumtunda monga diramu ija. Doko lomwe limalandira alovi ambirimbiri nyengo ya usipa silingadalire chimbudzi cha nyumba imodzi yoyandikana nalo.

A ku Chembe ndi ku Msaka muli ndi chifukwa chinanso. Mukukhala m'mphepete mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna. Tinsomba timeneti timadya ndere zomera pamiyala, ndipo miyalayo ikakutidwa ndi matope kapena mafuta, tilibe kwina kopita, chifukwa mitundu yambiri imapezeka pachilumba chimodzi kapena pagombe limodzi basi. Alendo omwe amalipira maboti anu kupita ku chilumba cha Thumbi amadzera timeneti.

Lamulo la zausodzi la 1997 limapatsa anthu a m'mbali mwa nyanja mpata wotenga nawo mbali poyang'anira usodzi, ndipo ma BVC ambiri ali kale ndi malamulo awo okhudza maukonde oletsedwa. Onjezanimo za oilo, mabatire ndi bango, amfumu avomereze, zilengezedwe kumzikiti ndi kutchalitchi kuti wina asadzati sanamve. Chindapusa chikhale chomwe munthu angathe kulipira, chifukwa chokwera kwambiri komiti imachita manyazi kuchitolera, ndipo asodzi obwera alandire malamulowo tsiku lomwe afika. Musankhenso munthu mmodzi wodziwika ndi dzina kuti azisunga kiyi wa pomwe pali diramu. Ikakhala ya aliyense idzasanduka nkhando. Simenti ndi denga zikhale zitatha mu Novembala, makoka atapachikidwa chifukwa cha nyengo yotseka nyanja, mvula isanayambe kukokolola za pamchenga.